Lipoti la nthumwi pa msonkhano wa mafumu ndi asodzi ku Salima

A Gulupu, a Nyakwawa, apampando a komiti yathu ya pagombe, eni ake makoka, alovi amene mumagwira ntchito pa makokawo, ndi amayi amene mumayanika ndi kugulitsa nsomba, ndabwerako bwino ku Salima kumene munandituma, ndipo ndalemba lipoti ili kuti aliyense adziwerengere yekha zimene ndinamva ndi zimene ndikuganiza kuti tichite kwathu kuno.

Msonkhanowu unali wa masiku awiri, ndipo kunabwera mafumu, nthumwi za makomiti a m'magombe a nyanja ya Malawi, ya Malombe ndi ya Chilwa, pamodzi ndi alangizi a zausodzi. Tsiku loyamba m'mawa tinamva za malayisensi ndi kalembera wa mabwato, zimene sindichedwa nazo chifukwa mukuzidziwa kale. Nkhani imene inatigwira mtima tonse, ndipo ndiyo ndikufuna kukhalitsapo, ndi ya chilumba cha Mbenji.

Mbenji ndi chilumba cha miyala cha m'boma la Salima, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, ndipo asodzi amanyamukira pa gombe la Chikombe popita kumeneko. M'zaka za m'ma 1950 mfumu Msosa inalamula kuti chilumbachi chizitsekedwa nyengo ya mvula, ndipo kufikira lero asodzi amachokako mu Disembala n'kubwererako mu Epulo, akachita mwambo wotsegulira umene mfumu imatsogolera. Ndikupempha kuti muganizire zaka zimenezi, chifukwa lamulo la zausodzi limene limavomereza kuti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali posamala nsomba linadzabwera mu 1997, pamene a ku Mbenji anali atatseka ndi kutsegula chilumba chawo kwa zaka pafupifupi makumi anayi popanda wowatuma.

Mkulu wina wa ku Chikombe, amene wakalambira pa chilimila, khoka lija lophera utaka pakati pa nyanja, ndiye anatifotokozera miyambo ya pachilumbapo. Pa Mbenji samwa mowa, sasuta chamba, satchova njuga, sapha njoka, ndipo akazi safikapo. Wophwanya malamulowa amaweruzidwa, amalipitsidwa, ndipo akhoza kuthamangitsidwa pachilumbapo. Chimene ndinachita nacho chidwi ndi kalankhulidwe ka mkuluyu, pakuti sanatchule chilumbacho ngati malo ongopherapo utaka ayi, koma ankachitchula monga mmene ife timatchulira kumanda kwa makolo athu, kumene munthu salowa mwachisawawa ndiponso sadulako mtengo ngakhale nkhuni zitasowa m'mudzi monse. Atafunsidwa ngati achinyamata a masiku ano amaopabe mizimu, anayankha kuti ena amaopa mizimu, ena amaopa mfumu, ena amangoopa kuchita manyazi pamaso pa anzawo, koma onsewo amachoka pachilumba nthawi ikakwana.

Pambuyo pake mlangizi wa zausodzi anaimirira n'kufotokoza nkhani yomweyo m'chinenero cha kusukulu. Utaka, monganso chambo, suikira mazira n'kuwasiya. Yaikazi imawasunga m'kamwa mpaka ataswa, ndipo tiana timakhala mmenemo kufikira titayamba kudzidalira. Amayi mukudziwa bwino zimene akunena, chifukwa mwaonapo timazira tachikasu tikugwa m'kamwa mwa nsomba n'kumatirira pa thandala pamene mukuyanika. Nsomba imodzi yoteroyo ikafa, afa ndi ana ake onse pamodzi. Mlangiziyo anati utaka umasonkhana pozungulira miyala ya pansi pa madzi imene asodzi amaitcha chirundu, ndipo malo oterowo akapuma miyezi ingapo chaka chilichonse, nsomba zimapeza mpata woswana ndi kukula. Mkulu uja ndi mlangiziyu anakhala pa benchi imodzi, ndipo sindinamve wina akunyoza nzeru za mnzake.

Nthumwi ya ku Malombe inalankhula mwachisoni. Chambo chimene chinkadzaza nyanja yawo chinatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makoka a nkacha atapalasa pansi pa nyanja, kuzula udzu wa m'madzi ndi kufafaniza zisa zimene chambo chachimuna chimakumba mumchenga. Makomiti a pagombe ngati yathuyi anayambira komweko mu 1993, nsomba zitapita kale. Wa ku Chilwa naye anatikumbutsa kuti nyanja yawo inaphwa mu 1995 ndipo inaphwanso kwambiri mu 2018, ndipo matemba ndi milamba zinapulumukira m'maiwe a mitsinje monga Domasi ndi Likangala. Mu 1995 mafumu ndi anthu awo analondera maiwewo ndi kuletsa kuthiramo katupe, chomera chija chaululu chophera nsomba, kotero madzi atabwerera mbewu ya nsomba inalipo.

Sindikubisirani kuti tsiku lachiwiri panabuka mkangano. Mayi wina wogulitsa nsomba anafunsa chifukwa chake mwambo umene ukutamandidwa chotere umatsekera akazi kunja, chikhalirecho ndi akazi amene amanyamula, kuyanika ndi kugulitsa nsomba zomwezo. Akuluakulu anayankha kuti mwambowo anaupeza, ndipo kugwetsa mzati umodzi kungagwetse nyumba yonse. Mayiyo sanakhutire, ndipo ine maganizo anga ndi akuti funso lake ndi loyenera. Za ku Mbenji adzaweruza ndi eni ake a Mbenji, koma ife kuno sitingatenge lamulo limenelo, chifukwa pagombe pathu amayi ndiwo amayamba kuona kasawala ndi bonya, tiana ta chambo ndi ta usipa, zikatsika m'bwato, ndipo iwo atakana kugula nsomba zosakhwima, khoka la maso ang'onoang'ono lingasowe ntchito.

Tsono chimene ndabwera nacho ndi ichi. Sitingabwereke mizimu ya ku Mbenji, ndipo kungakhale kunama kuyamba lero kuuza ana athu kuti pamalo pakutipakuti pali njoka yopatulika pamene makolo athu sanatiuze zimenezo. Koma lamulo la kumeneko lalimba chifukwa anthu amalitcha lawo, amadziwa amene analiika, ndipo limagwira wachibale wa mfumu chimodzimodzi ndi mlendo. Ife pamenepa ndi pamene tinagwa. Mukukumbukira nonse kuti chaka chatha tinalanda neti ya udzudzu imene inkakokedwa m'mabango, tinaisunga masiku awiri, kenako usiku inabwezedwa kwa mwini wake chifukwa anali mbale wa munthu wina wolemekezeka. Ineyo ndinali m'gulu la amene anadziwa n'kukhala chete, ndipo kuchokera tsiku limenelo palibe mnyamata amene amatimvera tikamaletsa. Pamene mkulu wa ku Chikombe ankalankhula, nkhani imeneyi ndiyo inkandiwawa mumtima.

Komanso si zoona kuti ife tilibe mwambo wathu. Agogo athu ankadziwa nthawi imene mpasa ndi sanjika zimakwera mitsinje monga Bua ndi Linthipe kukaswana mvula ikayamba, ankadziwa mabango amene tiana ta chambo timabisalamo, ndipo ankawerenga mwera ndi mpoto asanakankhe bwato. Okalamba amene akudziwa malowa ndi maina ake atsala owerengeka m'mudzi muno. Ndikupempha a Gulupu kuti awaitane pabwalo, atiuze malo amene kale sankaponyapo khoka ndi chifukwa chake, alembi alembe, kenako tisankhe malo amodzi okha, kaya ndi pamathiriro a mtsinje kaya ndi m'mabango, amene tidzatseke tokha ndi kulengeza pamaso pa mudzi wonse, amayi ali pomwepo. Ndikupemphanso kuti ndalama za chindapusa ziziwerengedwa poyera, chifukwa nthumwi zambiri zinadandaula kuti ndalama zikayamba kuyenda mumdima, komiti imatha mphamvu. Alangizi anatilonjeza kuti tikagwirizana adzatithandiza kupititsa malamulo athu ku khonsolo ya boma kuti akhale ovomerezeka.

Pali funso limodzi limene ndinalephera kubwera ndi yankho lake, ndipo alovi adzandifunsa ndithu: adya chiyani pa miyezi imene malowo atsekedwa? A ku Mbenji ambiri amapita kumunda, popeza kutseka kwawo kumagwera nthawi yolima, koma pakati pathu alipo anyamata amene alibe ngakhale ndime imodzi. Nkhani imeneyi ikambidwe pabwalo lomwelo tisanaike lamulo lililonse.

Malisiti a ulendo ndapereka kale kwa msungichuma, pamodzi ndi ndalama imene inatsala. Akuluakulu a ku Chikombe anati ndife olandiridwa kukaonerera mwambo wotsegulira mu Epulo, ndipo ndingakonde kuti ulendo umenewo mudzatume mlovi mmodzi wachinyamata ndi mayi mmodzi, popeza mwambowo umachitikira kumtunda. Bwalo la okalamba lija likhale lisanafike tsiku la 1 Novembala, pamene boma limatseka nyanja kwa a makoka.

Ine nthumwi yanu.