Chikhakha pa mkono wa mwana wa kunyanja

Senga Bay, Salima

Mnzanga wapamtima,

Ndalandira chithunzi chija cha mwana wa abwana ako akusambira m'damu la kunyumba kwawo ku Cape Town, mkono uli m'chikhakha chobiriwira. Ndinalakwitsa kumuonetsa mzime wanga. Tsiku lonse anangoti ndwii, ngati ndine ndinamumana.

Paja pa foni ndinangokuuza mwachidule. Mzime wangayu anagwa mumtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, mango ake osapsa n'komwe, aja amadyera mchere. Pogwa anatsogoza dzanja, mkono n'kupindika cha pamwamba pa mfundo. Kuchipatala tinapeza ana ena atatu pa benchi, onsewo nkhani yake ya mango yomweyo. Adokotala a mafupa atayang'ana X-ray anati fupa silinadukiretu, langothyoka mbali imodzi ngati nthambi yaiwisi, poti mafupa a mwana wa zaka 8 akadali anthete. Anati pakatha masabata 4 mpaka 6 likhala litagwirana.

Anamukulunga thonje, kenako mabandeji aja a ufa woyera oviika m'madzi. Pouma chimafunda, mwana mpaka anadabwa. Lamulo linali limodzi: chisanyowe.

Iwe, kumuuza mwana wa ku Senga Bay kuti asakhudze madzi, mu Novembala! Kutentha kwa kuno sunakuiwale. Pomusambitsa ndimamuveka jumbo ya buledi, n'kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga, iye dzanja lili m'mwamba ngati akufuna kuyankha funso m'kalasi. Usiku ndiye kuyabwa, thukuta likalowa m'thonje muja. Tsiku lina ndinamupeza akusolola sipoko ya njinga m'katimo, ndinachita kukuwa, chifukwa akadzikanda bala mmenemo ndani angalione?

Sabata yachiwiri anandizemba. Anzake amathandiza asodzi kukoka khoka, iye akuti amangoonerera, funde n'kumupeza. Anabwera madzulo atabisa mkono m'malaya. Pofika m'mawa chikhakha chinali phwetephwete ngati chinangwa chonyika cha kondowole, fungo lake losasimbika. Tinabwereranso kuchipatala, ndalama ya kabaza ndi minibasi kachiwiri, ine manyazi ali tho.

Pamene amamuika chatsopano ndi pomwe ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa adokotala chithunzi chako. Anaseka, koma anandifotokozera bwino. Chakunja chobiriwiracho ndi fibreglass, nsalu ya timaulusi ta galasi yomwe imauma gwa ngati pulasitiki, ndipo si chachilendo, chinayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1970. Chokhacho madzi sachisungunula, koma ukaika thonje wamba m'kati vuto ndi lomwelija: thonje limamwa madzi, osauma, khungu n'kuyamba kunyeka. Chinsinsi chili pa kansalu ka m'kati, kofanana ndi Gore-Tex ya majekete a mvula, komwe sikasunga madzi. Mwana akasamba amangotsitsa mkono, madzi n'kuchucha, chotsala n'kuuma ndi kutentha kwa thupi.

Koma tamva izi. Sachiika pa bala kapena pamene pachitika opaleshoni, ndipo nthawi zambiri amadikira kuti kutupa kuyambe kwaphwa. Chinanso, ngakhale kwanuko madokotala amachenjeza makolo za kunyanja, chifukwa mchenga ukalowa m'kati umakhula khungu ngati sandipepa, ndipo akachoka m'madzi pamafunika kutsukuluza m'katimo ndi madzi oyera. Ndiye taganiza mchenga wa pa gombe lathu lino, umene umapezeka ndi m'ndiwo momwe. Mwana wa abwana akoyo akusambira m'damu la simenti. Wangayu akanavala chobiriwiracho akanayesa chilolezo chogonera m'nyanja.

Sindikuchinyoza ayi. Kungoti mwana azisamba thupi lonse popanda jumbo, ine ndikanavina. Koma choyera chathuchi nacho chili ndi ubwino wake, n'chotchipa ndipo adokotala amachiumba bwino motsatira fupa.

Choncho maganizo ako aja ogula mabandeji a fibreglass n'kutumiza pa basi, asiye. Pofika kuno fupa lidzakhala litapola, komanso si chinthu choti ine ndingamuveke pakhonde. Ngati ndalama yakuyabwa, undigulire kathumba kaja ka mphira kovala pamwamba pa chikhakha posamba, kothina kukamwa. Ndidzakasunga. Mitengo ya mango sikusamuka, ndipo ana a achimwene ayamba kale kukwera.

Atiuza kuti tikachotse pakatha masabata atatu. Panopa chikhakhacho chadzaza mayina a anzake a Sitandade 3, wina anajambulapo chambo ndi khala. Akuti akachotsa asachitaye, akufuna udzachione ukadzabwera pa Khrisimasi. Ndamuuza kuti ndi fungo limenelo chikagona kukhola la nkhuku.

Usipa wako ndayanika kale, ndikudikira wobwera kumeneko. Amayi akupereka moni, akufunsa ngati mwendo uja unasiya kutupa.

Ndine mnzako wa pagombe.