Kalata yochokera ku Zomba

Chemwali wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi abambo akunyumba ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti chiperoni chatigwira sabata yonse, moti phiri silikuoneka n'komwe.

Zithunzi za chikondwerero cha ku Edinburgh zija ndaziona zonse, ndipo ndakondwa kuti ana anu akukulira pakati pa zisudzo ndi nyimbo. Koma mawu amene munatsiriza nawo andikhala pamtima. Munati mukabwera nawo kuno simukudziwa chomwe mudzawaonetse, poti Zomba inagona mu 1975 pamene likulu linasamukira ku Lilongwe. Chemwali, nanunso mungatero, inu amene munatha nsapato mumsewu wa ku Chirunga?

Chachikulu n'chakuti mudzabwere ophunzira a ku yunivesite ali pasukulu. Akatsekera, ku Chikanda kumangoti zii, akabaza amangowodzera pa njinga, amayi a mandasi amachepetsa ufa. Akatsegulira, tauni yonse imadzuka. Kuyambira mu 2021 dzina loti Chancellor College linachoka, pano ndi University of Malawi, koma mukakwera njinga mudzangoti "ku Chanco", akafikitsani.

Mwezi wathawu ndinakaonera sewero la ophunzira ku Little Theatre, ndipo ndi limene landichititsa kutenga cholembera. Nkhani yake inali ya mkamwini amene mkazi wake wamwalira, tsono akuchikazi akumuuza kuti anyamuke asiye munda umene waulima zaka zambiri. Pabwalo panalibe zambiri, mphasa, mpando umodzi ndi ng'oma basi. Ankasakaniza Chichewa, Chiyao ndi Chingerezi monga momwe anthu amayankhulira pamsika wa Zomba. Mwinimbumba atayamba kunamizira mkamwini uja, mayi wina amene anakhala kumbuyo kwanga analephera kupirira, nakuwa kuti, "Bodza limenelo!" Mnyamata wosewerayo sanasokonezeke, anangotembenuka n'kuyankha mayiyo ngati ali pabwalo la mfumu, anthu onse n'kulowa m'mlanduwo. Ndinakumbuka Travelling Theatre ija imene inkanyamula masewero kupita nawo m'midzi, anthu n'kumatsutsana nawo pansi pa mtengo. Mzimu umenewo sunafe. Ndikufunitsitsa ana anu adzaone sewero limene owonerera sakhala chete.

Ndakatulo nazonso zilipo, ndipo masiku ano achinyamata ambiri amalakatula m'Chichewa, mokweza, osayang'ana kumbuyo. Ndikamawamvera ndimaganiza za Writers Group, gulu la alembi lija, imene inayamba mu 1970, koleji isanasamuke ku Blantyre kubwera kuno mu 1973. Nthawi imeneyo alakatuli ankabisa mawu m'nthano ndi m'mikuluwiko chifukwa makoma anali ndi makutu. Tikadzadutsa pa Gymkhana Club ndidzaimitsa ana anu pamsewu, ndiwauze kuti pamenepa ndi pomwe apolisi anamangira mlakatuli Jack Mapanje mu 1987, ali mkulu wa nthambi ya Chingerezi ku Chanco, n'kukamutsekera ku Mikuyu mpaka mu 1991 popanda kumuzenga mlandu. Ana obadwira kunja amadziwa Malawi wa nyanja ndi nsima. Ndikufuna anu adziwenso kuti m'tauni ino munthu anagonapo m'ndende zaka zoposa zitatu chifukwa cha mawu.

Tikanena za ndende, kodi munamva kuti oimba a ku ndende yaikulu ya Zomba anafika mpaka pa mndandanda wa opikisana pa mphoto ya Grammy ya 2016? Sanapambane, koma kuno anthu anayenda mapewa ali m'mwamba.

Ku Great Hall kumakhala makwaya ndi oimba ochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe, koma ine tsiku limene ndimalikonda ndi lopereka madigiri. Mabanja amafika m'bandakucha, ena achokera ku Karonga, ena ku Nsanje, maminibasi atadzaza ndi azakhali ndi agogo. Amayala zitenje pa kapinga, amatsegula mapoto a mpunga ndi nkhuku, ndipo mwana akatuluka atavala mkanjo nthungululu zimamveka mpaka kumsewu. Chaka chatha ndinaona gogo wina wamwamuna atagwira chipewa cha mdzukulu wake ndi manja awiri, osafuna kuchibweza. Ndinalira nawo, chonsecho sindikuwadziwa. Masiku ano kulinso Zomba City Festival, imene imabweretsa oimba, ojambula ndi ogulitsa zosemasema m'malo osiyanasiyana m'tauni muno. Mukadzabwera mu Novembala ndiye tidzapita pa chipilala cha asilikali a King's African Rifles (KAR) pafupi ndi Cobbe Barracks, kukaona mwambo wokumbukira amene anafera ku nkhondo zikuluzikulu ziwiri zija.

Zakuphiri mukuzidziwa. Tidzakwera ku Ku Chawe, tiime pa damu la Mulunguzi, tipitirire ku Williams Falls, kenako ku Emperor's View kumene Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, anaimapo. Anyamata ogulitsa masitiroberi ndi mabulosi m'mbali mwa msewu akadalipo. Chokha chimene chidzakupwetekeni mtima ndi mitengo: malo ena amene tinkayenda mumthunzi wa paini tsopano ndi zitsa zokhazokha, ndipo tsiku lililonse mumakumana ndi amayi akutsika ndi mitolo ya nkhuni. Sindiwaweruza, pakuti ndikudziwa mtengo wa makala, koma phiri likuvula tikuona. Ku dzenje la Chingwe tidzapita ngati ana ali olimba miyendo.

Tsiku limodzi tidzalisiyire Chilwa. Tidzalawira kupita ku Kachulu, akaone mabwato opita ku chilumba cha Chisi ndi matemba akuyanikidwa. Nyanjayi inaphwa mu 1995, inadzaphwanso mu 2018, asodzi n'kumayenda pansi pomwe ankaponya makoka, koma madzi anabwerera. Pobwerako tidzadzera kumsika waukulu, mwana wanu wamkazi uja akaphunzire kunenerera mtengo wa chitenje m'Chichewa. Muyambiretu kumuphunzitsa kunena kuti "tsitsaniko pang'ono, mayi".

Mundiuze msanga masiku amene mwasankha kuti ndifunse ku Chanco ngati kudzakhale sewero sabata imeneyo. Ngati ndi mu Juni kapena Julaye, ana asasiye majuzi poganiza kuti kuno n'kotentha. Chipinda chakumbuyo chija ndachikonza, ndipo chimera cha thobwa ndidzayamba kunyika mukangonena kuti mwagula matikiti.

Mupereke moni kwa abambo akunyumba ndi ana onse. Amayi akuti musaiwale kuwabweretsera zithunzi zosindikiza, za pafoni saziona bwino.

Ndine mnzanu wa ku Matawale.