Kafukufuku wa miliri tisamangosiyira azungu

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhulepo za kolera. Mliri uja unayamba ku Machinga mu Malichi 2022, mvula ya namondwe itawononga zimbudzi ndi zitsime, ndipo unapha anthu oposa 1,700. Unafika mpaka m'maboma amene kolera sankamudziwa kwenikweni, nthawi yachilimwe ndithu. Chifukwa chiyani? Funso limeneli limafuna kafukufuku, ndipo kafukufuku amadya ndalama.

Akatswiri tili nawo. Ku Ndirande ndi ku Zingwangwa anayesa katemera wa tayifodi pa ana pafupifupi 28,000, ndipo mu 2023 katemerayo anaperekedwa dziko lonse. Koma ndalama za ntchito imeneyi zinachokera kunja. Nanga mu 2025, America itadula thandizo, sitinaone mmene mapulogalamu a zaumoyo anagwedezekera?

Maboma a mu Africa analonjezana ku Abuja mu 2001 kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Ine pempho langa kwa aphungu ndi laling'ono: pa bajeti ikubwerayi, ikani padera ndalama zoti sukulu ya ukachenjede ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS) ndi bungwe la boma lolondola matenda la PHIM azitha kuyeza madzi ndi kulondola matenda mvula isanagwe.

Wowerenga wanu,
Machinga