Kalata kwa mwana wanga wa ku Lilongwe

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino nonse kumeneko, iweyo, apongozi ndi adzukulu anga. Kuno ku Chiradzulu tadzuka, kupatula bondo la amayi ako limene limawavuta kukazizira. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni sitimalizitsana nkhani. Ndikangoti ndiyambe, iwe umati abwana akukuitana.

Mlongo wako wandiuza zonse, ndipo usamukalipire, ndine ndinamupanikiza ndi mafunso. Ndamva kuti khadi lako la ku banki lili m'thumba mwa wakatapila pamodzi ndi nambala yake yachinsinsi, kuti malipiro akangolowa iyeyo ndiye amayamba kutapa, iwe n'kulandira zotsala. Ndamva kuti unatenga K200,000 kuti ubweze K300,000 pakutha pa mwezi, ndipo mwezi utatha unangokwanitsa chiwongoladzanja chokha. Ndamvanso za loni ya galimoto imene amadula usanaione n'komwe ndalamayo, komanso kuti apongozi ali m'mabanki m'khonde awiri, kutenga uku kukatseka uko. Zonsezi n'zolemera, koma sizimene zikundisowetsa tulo. Chikundisowetsa tulo ndi mawu amene unamuuza mlongo wakoyo, akuti unasaina pepala la alawansi ya msonkhano wa ku nyanja umene sunachitike, ndipo atakufunsa unati: "Ndi mmene zimayendera kuno. Ndikakana andiona ngati mfiti, nanga loni ndibweza ndi chiyani?"

Iwe ndinakulera ndekha, ndikukudziwa. Uli ku sekondale unabweza chenje chimene wagolosale anakupatsa mopyola, anzako akukuseka. Munthu ameneyo sanasanduke wakuba. Chachitika n'chakuti pakamwa pako pamangidwa, ndipo amene wapamanga ndi ngongole.

Agogo ako, bambo anga, anabadwira pa esiteti. Makolo awo anali m'gulu la Alomwe amene anawoloka kuchokera ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi, n'kupeza kuti malo abwino a kuno kumapiri ali kale m'manja mwa azungu. Anapatsidwa pomanga nyumba ndi kamunda, koma malipiro ake anali thangata: mwezi wogwirira malo, mwezi wina wogwirira msonkho wa nyumba, ndipo miyeziyo inkagwa nthawi ya dzinja, pamene munda wako womwe ukufuna khasu. Kapitawo ndiye ankachonga masiku pa tikiti. Akati lero sunamalize ndime, tsikulo silinawerengedwe, ndiye mwezi umodzi unkatha kutalika mpaka kudya wina. Bambo ankakonda kunena kuti chikoti sichinali choopsa kwenikweni. Choopsa chinali chakuti munthu ankaona ndi maso ake akuberedwa tsiku, koma n'kuvula chipewa n'kuthokoza, chifukwa nyumba, nkhokwe ndi manda a ana ake zinali pa dothi la mwini wake. Ndi zimenezi zimene zinapsetsa mtima John Chilembwe ndi anthu ake pa Mbombwe, mpaka anaukira esiteti ya Bruce ku Magomero mu Januwale 1915. Thangata anadzatheratu mu 1962, ine ndili kamwana. Lero nkhope ya Chilembwe ili pa K2,000, ndipo ndikaganiza kuti ndalama zimenezo ndi zimene ukuwerengera wakatapila mwezi ndi mwezi, m'mimba mumandiwawa.

Kusiyana kwako ndi agogo ako n'kwakuti iwo anabadwiramo, pamene iwe unachita kupita wekha, utavala tayi, n'kusaina.

Sindikunena kuti zonse ndi kupusa kwako, ayi. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Sopo, shuga, mafuta ophikira, lendi, fizi ya ana, zonse zinathamanga, malipiro n'kumatsatira chokwawa m'mbuyo. Munthu amene dzulo ankafika kumapeto kwa mwezi lero amathera pakati. Ngakhale boma lenilenilo khalidwe lake ndi lomweli: mu 2006 dziko lino linakhululukidwa ngongole zambiri zakunja, tinaomba m'manja, koma taona pamene tafikanso. Ndiye sindikudabwa kuti ana athu aphunzira kuti kukongola ndiwo moyo. Koma tsono tiye tinene zoona, kugwa kwa Kwacha sikumene kunakugulitsa galimoto. Unaigula chifukwa anzako a mu ofesi anali ataitanitsa zawo ku Japan, ndipo unachita manyazi kutsika minibasi iwo akuona. Lero galimotoyo imagona pamzere wa mafuta, iwe uli m'katimo, udzudzu ukukudya, ana kunyumba akugona osakuona.

Za pepala lija ndikufuna tikambirane bwinobwino. Ukukumbukira 2013, nkhani ya Cashgate itaphulika ku Capital Hill? Mkulu woona za bajeti, a Paul Mphwiyo, atawomberedwa mu Seputembala chaka chimenecho, zinthu zinayamba kutuluka poyera: ndalama zankhaninkhani m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za anthu amene malipiro awo sakanagula ngakhale matayala. Mabiliyoni anapita kwa makampani amene sanagulitse boma ngakhale singano. Mayiko otithandiza anaimitsa thandizo la bajeti, ndipo amene anamva kuwawa anali mayi wa kuno kwathu amene anapita kuchipatala n'kuuzidwa kuti akagule yekha mankhwala. Ndalama zimenezo sizinatuluke ndi munthu mmodzi. Cheke chilichonse chinadutsa pa madesiki angapo, ndipo pa desiki iliyonse panali munthu wophunzira, wopemphera, wa ana ake, amene anaona kuti apa pali cholakwika koma anati si nkhani yanga. Ena mwa amene anakalowa kundende anali anthu wamba a m'maofesi ngati iweyo, chifukwa pepala limasunga dzina la amene anasaina, silisunga mawu a bwana amene anati tangosaina.

Pali mawu amene ndimadana nawo kwambiri, oti mbuzi imadya pomwe aimangirira. Anthu amawanena akuseka, osaona kuti akudzitcha okha mbuzi, ndiponso akuvomera kuti ali pachingwe. Enanso ndi akuti "bola moyo". Magetsi akazima masiku, bola moyo. Mankhwala akasowa, bola moyo. Mumajambula mzere wa mafuta, kuponya pa WhatsApp, kuseka, basi nkhani yatha. Ngakhale kutchalitchi, wobweretsa envulopu yonenepa ndiye amapatsidwa mpando wakutsogolo, ndipo palibe mkulu wa mpingo amene amafunsa kuti kalaliki wa boma wazitenga kuti zomangira nyumba zitatu. Ine ndimaona kuti kufatsa kumene alendo amatiyamikira nako Amalawife theka lake ndi mantha a anthu okongola. Munthu amene mwezi wake wamawa anaugulitsa kale sangatsutse bwana, sangafunse khansala, sangakane chilichonse.

Kumudzi kuno nakonso kuli mlandu wake. Mwana akangolembedwa ntchito m'tauni, mudzi wonse umamuwerengera: maliro, chinkhoswe, feteleza, fizi ya mwana wa msuweni. Kunonso anthu amanyadira kuti wathu amabwera pa galimoto, osadziwa kuti galimotoyo ndi ya banki. Ndiye tamvera. Ndalama za malata zija usatumize. Denga ili lapirira mvula zambiri, lipiriranso ina, ndipo pamene pakudontha ndamata kale ndi phula. Feteleza tiona ndi amayi ako, tili ndi mbuzi ndi nandolo. Wachibale aliyense amene akuimbire kupempha, umuuze kuti ayambe wadzera kwa ine. Ndimuyankha ndine, manyaziwo ndisenza ndine.

Usamve ngati ndikuti usiye ntchito. Ntchito ndi yabwino, ndipo pali anyamata ambiri a madigiri amene akupalasa kabaza kapena kugulitsa mayunitsi. Koma ndikufuna udzifunse kuti ntchitoyo ikutulutsa chiyani kupatula malipiro. Kuno kuli bambo wina wokonza mijigo. Sukulu analekera pulayimale, amayenda panjinga ndi masipanala ake m'kathumba ka feteleza. Mjigo ukafa amasolola mapaipi limodzilimodzi, kuwayala pa udzu mwandondomeko, kusintha timphira takutha, ndipo madzi akatuluka amayi amalulutira. Atadwala chaka chatha midzi yonse yozungulira inadziwa, anthu ankapita kukamuona atanyamula ufa ndi nkhuku. Iwe ukadwala sabata yathunthu, kupatula wakatapila, ndani amene amayamba kukufunafuna? Sindikufunsa monyoza. Unali ndi manja abwino, iwe. Mpando umene ndimakhalira pakhonde unakhoma ndiwe uli Fomu 3, ndipo sunagwedezekebe. Sindikudziwa kuti unagwira liti ncheka komaliza. Umatuluka kusanache, umabwera ana atagona, Loweruka uli ku ukwati wa munthu amene sukumudziwa bwino ukuponya ndalama zokongola pa perekaniperekani kuti akuone. Mdzukulu wanga wamkulu atabwera patchuthi ndinamufunsa kuti bambo ako amakonda chiyani. Anaganiza nthawi yaitali, kenako anati foni.

Tsono chimene ndikukupempha ndi ichi. Mukhale pansi ndi apongozi, ana atagona, mulembe ngongole zonse papepala limodzi, yako ndi yawo, popanda kubisirana ngakhale ya mayunitsi. Ndikudziwa kuti pali zina zimene sunawauze, ndipo iwonso ali nazo zimene sanakuuze. Galimoto igulitsidwe, ngakhale motchipa, ndipo ndalama yoyamba ikawombole khadi lija. Wakatapila umulipire pali mboni, akupatse khadi m'manja, tsiku lomwelo ukasinthe nambala. Ngati nyumba imene mukukhalayo ikukulemerani, samukirani ina yaing'ono. Anthu adzalankhula mwezi umodzi, kenako adzapeza wina womunena. Ndipo pepala lina likadzabwera la msonkhano umene sunapiteko, sukufunika kuchita phokoso kapena kulalikira anzako. Ungonena kuti ine sindinapiteko, dzina langa lichotsedwe. Mwina adzasiya kukuitana ku maulendo a alawansi, mwina kukwezedwa kudzachedwa. Zimenezo zidzawawa, sindikukunamiza, n'chifukwa chake ndikuti uyambe wachotsa ngongole, kuti pokana ukane uli ndi poponda. Za pepala limene unasaina kale, ndalama imeneyo si yako, ndipo tikaonana tikambirana mmene ungaibwezere.

Nandolo tiyamba kuthyola mu Ogasiti. Utenge tchuthi ubwere ndi ana, pabasi. Pepala la ngongole lija ubwere nalo, tidzaliona limodzi ndi amalume ako, amene ndawauza kale ndipo alonjeza kuti sizituluka pakamwa pawo. Chitseko cha khola chinathyoka ndipo ndachisiya dala, matabwa ndi misomali ndagula.

Amayi ako akupereka moni kwa nonse, akuti apongozi awatumizire muyezo wa mapazi a ana.

Ine bambo ako.