Pogula kompyuta ya pakhomo, funsani ngati imatseguka

Akonzi,

Tiloleni tiikepo mlomo pa nkhani yogula kompyuta ya pakhomo. Ife ndife amisiri okonza makompyuta, ndipo chotidandaulitsa n'chakuti ogula ambiri amangofunsa zinthu ziwiri, mtengo ndi dzina la kampani. Akamva zimenezo amalipira n'kunyamula katoni. Mafunso amene amasiyanitsa kompyuta yotumikira banja zaka 7 ndi ija yotopetsa pakangotha chaka sawafunsa. Loyamba ndi lakuti, kodi makinawa amatseguka kuti munthu asinthe kapena kuwonjezera ziwalo? Lachiwiri, nanga opanga mapulogalamu ake adzasiya liti kuwatumizira zokonza za chitetezo?

Musanafike kumeneko, banja likhale pansi n'kulemba ntchito zimene kompyutayo izigwira. Kulemba makalata, kusunga maakaunti a bizinesi yaing'ono, ntchito za ana a sukulu, misonkhano ya pa vidiyo ndi kuwerenga pa intaneti sizifuna makina amphamvu kwenikweni. Kudula mavidiyo, kujambula mapulani a nyumba ndi masewera amakono ndizo zimafuna khadi lapadera la zithunzi. Khadi limenelo limakweza mtengo, limadya magetsi ambiri komanso limatenthetsa makina. Ngati m'nyumbamo mulibe wochita zimenezo, ndalamayo ipite ku RAM ndi disiki.

RAM ndi malo amene kompyuta imayalapo zonse zimene mwatsegula pa nthawiyo. Microsoft imati Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4 GB, ndipo ogulitsa amakonda kutchula nambala imeneyi ngati kuti ndi yokwanira. Imeneyo ndi yongoyatsira basi. Windows payokha imadya gawo lalikulu la malowo, ndiye mukatsegula masamba 10 a pa intaneti pamodzi ndi Word, RAM imadzaza, kompyuta n'kuyamba kutula zina pa disiki ndi kukazitolanso. Apa m'pamene mausi amauma, zilembo n'kumatuluka mochedwa kuposa zala zanu, anthu n'kumati yalowa vayirasi chonsecho yangosowa malo. Masiku ano 8 GB ndiye poyambira, ndipo 16 GB ndi imene ingakupatseni mtendere kwa zaka zingapo.

Koma choposa nambalayo ndi mmene RAM inaikidwira. M'malaputopu ena ndi kachidutswa kolowetsa m'malo ake. Mukakankhira kunja timapini tiwiri ta m'mbali, kachidutswako kamadzuka kokha, inu n'kuikamo kena kokulirapo. M'malaputopu ena, makamaka opyapyala kwambiri aja, RAM inawotchereredwa pa bolodi pamene ziwalo zonse za kompyuta zimalumikizana, ndipo imene mwagula nayo ndi yomweyo mpaka makinawo adzafe. Kuti muone, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, pitani pa Performance, kenaka pa Memory. M'munsimo muli mzere wa Slots used. Ukamati 1 of 2, kawirikawiri ndiye kuti malo ena alipo opanda kanthu. Tati kawirikawiri chifukwa mzerewu nthawi zina umanama, choncho lembani nambala yonse ya mtundu wa kompyutayo n'kukatsimikiza m'buku la opanga. Dziwaninso kuti RAM za mtundu wa DDR3, DDR4 ndi DDR5 sizilowerana. Kampata ka pa mano ake kali pa malo osiyana, ndipo wokakamiza amathyola polowetsera. Zidutswa ziwiri za 8 GB zimagwira ntchito msanga kuposa chimodzi cha 16 GB chifukwa pulosesa, imene ndi ubongo wa kompyuta, imatunga ku zonse ziwiri nthawi imodzi.

Pa disiki m'pamene ogula ambiri amakopeka ndi nambala yaikulu. Disiki ya mtundu wakale, ya HDD, ili ndi timbale tozungulira ka 5,400 kapena ka 7,200 pa mphindi, ndi kamkono kowerenga kamene kamayenda pamwamba pa timbaleto. Ikakhala yabwino imawerenga pafupifupi 100 MB pa sekondi. Disiki ya mtundu watsopano, ya SSD, ilibe choyenda m'kati mwake. SSD ya mtundu wa SATA imafika cha m'ma 500 MB pa sekondi, pomwe ya NVMe imapitirira 2,000. Kusiyana kwenikweni kumaoneka potola timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri, monga poyatsa kompyuta, pamene kamkono ka HDD kamachita kuthamangira uku ndi uku. Laputopu ikagwa ili yoyaka, HDD imatha kukandika n'kupita ndi zonse zimene munasungamo. Choncho akakuonetsani makompyuta awiri a mtengo umodzi, ina ya 1 TB (1,000 GB) ya HDD ndi ina ya 256 GB ya SSD, tengani ya SSD. Zithunzi ndi mafilimu mungazisunge pa disiki yakunja. Musadabwe kuona 256 GB ikuwerengedwa ngati 238 GB mu Windows, sanakubereni, amangowerengera mosiyana.

Chenjerani ndi mawu akuti eMMC. Amapezeka pa malaputopu otchipa kwambiri, aja onyezimira okhala ndi 64 GB ndi pulosesa ya Celeron. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Disiki imeneyi ndi yochedwa, ndi yowotcherera pa bolodi, ndipo Windows ikangolandira zokonza zingapo malo amatha, mpaka zokonza zotsatira kulephera kulowa. Palibe chimene mmisiri angachitepo.

Pulosesa nayo ili ndi msampha wake. Anthu anazolowera kuti i7 imaposa i5, i5 imaposa i3. Zimenezi n'zoona pokhapokha zikakhala za m'badwo umodzi. M'badwo umadziwika ndi nambala yoyamba pambuyo pa kamzere. Pa i7-7500U m'badwo ndi wa 7, pa i5-8250U ndi wa 8, ndipo pa i5-1135G7 manambala awiri oyambawo akutanthauza wa 11. Tsono i7-7500U ili ndi mitima iwiri yokha yogwira ntchito, pomwe i5-8250U ili ndi inayi. Wogula i7 yakaleyo chifukwa cha dzina amalipira zambiri pa makina ofooka. Wogulitsa akangoti "ndi i7 iyi", muuzeni atchule nambala yonse.

Nambala imeneyo ndiyo imayankhanso funso lathu lachiwiri lija. Microsoft inasiya kutumiza zokonza zaulere za Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa olembetsa dongosolo lapadera lowonjezerako nthawi pang'ono. Windows 11, imene inatuluka mu 2021, imafuna kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0 ndi pulosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena AMD Ryzen ya m'gulu la 2000 kupita m'tsogolo, kupatulako mitundu yochepa. Njira zozembetsera Windows 11 pa makina akale zilipo, ndipo ogulitsa ena amazigwiritsa ntchito kuti katundu aoneke watsopano. Microsoft silonjeza kuti makina otere azilandira zokonza. Kompyuta yosalandira zokonza imayaka bwinobwino, palibe chimaoneka, koma chiboo chilichonse chimene akuba a pa intaneti atulukira chimakhala chosatsekedwa. Si makina olowera ku banki amenewo.

Windows si yokhayi ayi. Makompyuta a Apple ndi osavuta kuphunzira, batire lake limakhalitsa, ndipo sachedwa kupeza wogula mukafuna kuwagulitsa. Koma kuyambira 2020, pamene Apple inayamba kuika pulosesa zakezake za M1, RAM imakhala yomatidwa pamodzi ndi pulosesa, ndipo pa MacBook disiki nayonso siichotseka. Mumayenera kulipiriratu tsiku logula malo onse amene mudzawafune zaka zikubwerazo. Chromebook, laputopu yoyendera pulogalamu ya Google m'malo mwa Windows, ndi yotchipa, siivuta kusamala, ndipo Google inalonjeza zaka 10 za zokonza pa mitundu yotuluka kuyambira 2021. Vuto lake n'lakuti ntchito zambiri zimadalira intaneti, ndipo mapulogalamu a Windows salowamo. Zaka 10 zimenezo amawerengera kuchokera pamene mtunduwo unatuluka, osati tsiku limene inu mwagula.

Linux, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta ngati Windows, ndi yaulere, ndipo ndi imene imaukitsa makina amene Windows 11 yawakana. Ubuntu, imodzi mwa ma Linux, imatulutsa mtundu wokhalitsa mu Epulo pa zaka ziwiri zilizonse n'kuusamalira zaka 5, pomwe Linux Mint, yomangidwa pa Ubuntu yomweyo, imaoneka mofanana ndi Windows moti wozolowera sasochera. LibreOffice, pulogalamu yaulere yolembera ndi kuwerengetsera, imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, ngakhale kuti chikalata chokhala ndi matebulo ambiri nthawi zina chimasokonekera kaonekedwe. Mtengo wa Linux ndi nthawi yanu. Ngati kusukulu kapena kuntchito amafuna pulogalamu ya Windows yokha, musadzivutitse. Ubwino wake, mungaiyese osafufuta kanthu. Iikeni pa fulashi ya 8 GB, yatsirani kompyuta pa fulashiyo, muone ngati Wi-Fi, mawu ndi pulinta zikugwira.

Ambiri amathamangira laputopu imene idzangokhala pa tebulo limodzi moyo wake wonse. Pa ndalama yofanana, desikitopu imakhala yamphamvu, imapuma bwino, ndipo chilichonse m'kati mwake chimamasuka ndi sikuludiraiva. Mwana akathira madzi pa kiyibodi, mumangogula kiyibodi ina. Pa laputopu madzi omwewo amatsikira pa bolodi. Sikirini ya desikitopu imatha kutumikira makompyuta awiri kapena atatu motsatizana. Chimene laputopu imaposera ndi kunyamulika, batire, ndi kudya magetsi ochepa, pakuti machaja ambiri ndi a mawati 45 mpaka 65. Desikitopu magetsi akangothima imazima pomwepo, ndipo kuzima kotere kumawononga mafayilo, ndiye pamtengo wake wonjezeranipo UPS, batire lapadera loisunga yoyaka kwa mphindi zingapo magetsi akathima.

Mukasankha laputopu, itembenuzeni. Ngati pansi pake pakuoneka masikuluu, ndi chizindikiro chabwino. Mitundu yopangidwira maofesi monga Lenovo ThinkPad, Dell Latitude ndi HP EliteBook imakhala ndi mabuku okonzera amene aliyense angawapeze, ndipo mabatire, mafani ndi makiyibodi ake savuta. Ngakhale m'mitundu imeneyi ilipo ina ya RAM yowotcherera, choncho dzina lokha lisakugonetseni tulo. Sikirini ikhale ya 1920 x 1080 osati 1366 x 768, ndipo muiyang'ane cham'mbali. Mitundu ikazilala mukapendeka mutu, imeneyo ndi TN, yotopetsa maso. Ya IPS siisintha. Werengani mabowo olumikizira. Si bowo lililonse la USB-C limene limachaja kapena kutumiza zithunzi ku sikirini ina, ngakhale amaoneka ofanana.

Kompyuta yogwiritsidwapo kale ntchito imatha kuposa yatsopano ya mtengo womwewo, bola muipime musanalipire. Patulani mphindi 30. Tsegulani Command Prompt, zenera la Windows lolembamo malamulo, lembani powercfg /batteryreport, ndipo mutsegule fayilo imene ituluke. Yerekezani Design capacity, mphamvu imene batire linkasunga lili latsopano, ndi Full charge capacity, imene likusunga panopa. Yachiwiriyo ikatsika kufika theka la yoyamba, batire latha, ndipo mtengo wa lina uchotsedwe pa zimene akukutchajani. Batire lotupa limadziwika ndi pogwira pa mausi potukuka kapena chivundikiro cha pansi chosakhala bwino, ndipo limenelo ndi loopsa, lingathe kuyaka. Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imaonetsa maola amene disiki yagwira ntchito ndi thanzi lake. Ikalemba Caution, disikiyo yayamba kufa. Tsegulani Notepad n'kudina batani lililonse. Tsekani ndi kutsegula chivundikiro kangapo, mumve ngati mahinji akulira kapena pulasitiki ikung'ambika m'makona. Seweretsani vidiyo kwa mphindi 10 dzanja lili potulukira mpweya. Fani ikamabangula koma mpweya osatuluka, m'kati mwadzaza fumbi, ndipo pulosesa ikatentha imadzichepetsa yokha liwiro.

Kenaka zimitsani, yatsaninso, mulowe mu BIOS, tsamba la makonzedwe a makina lotseguka Windows isanayambe, nthawi zambiri podina F2, F10, F1 kapena Del. Ikafunsa pasiwedi imene wogulitsa saidziwa, isiyeni, chifukwa pa makina ambiri amakono kuchotsa pasiwedi imeneyo n'kovuta kwambiri. Kompyuta ya Apple ikhale itachotsedwa pa akaunti ya mwini wake wakale, apo ayi loko yoletsa akuba yotchedwa Activation Lock idzakutsekerani kunja. Chromebook yolembetsedwa ku sukulu kapena kampani imabwerera kwa eni ake ngakhale muifufute kangati.

Pomaliza pa kuwerengera, phatikizani zimene sizilembedwa pa katoni. Microsoft 365, ndiko kuti Office yokhala ndi Word ndi Excel yochita kubwereka, imalipiridwa mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, ndipo Office imene imabwera ndi kompyuta yatsopano nthawi zambiri imakhala yongolawitsa kwa masiku ochepa. Office 2016 ndi 2019 zinasiya kulandira zokonza tsiku lomwelo limene Windows 10 inasiyidwa. Mapulogalamu obedwa amene ena amakuikirani ngati mphatso ndiwo khomo lalikulu la mavayirasi. Antivayirasi yolipira si yofunika kwenikweni pakhomo, pakuti Microsoft Defender ili kale mu Windows. Pulinta yotchipa imabweza ndalama yake pa inki, ndiye funsani mtengo wa katiriji ndi masamba amene imasindikiza. Disiki yakunja yosungirapo makope musaidumphe, chifukwa SSD ikamafa kawirikawiri siichenjeza ngati HDD imene imayamba yalira kaye. Makope a zikalata ndi zithunzi zofunika akhale atatu, limodzi lisakhale m'nyumba momwemo.

Pa lisiti wogulitsa alembe nambala yonse ya mtundu wa kompyuta, nambala ya siriyo, pulosesa, kukula kwa RAM ndi disiki, ndi miyezi ya waranti. Afotokozenso ngati warantiyo ikukhudza batire ndi chaja, komanso ngati imatha mukatsegula pansi kuti muwonjezere RAM.

Amisiri okonza makompyuta