Kwa mwana wanga, pobwerera ku wodi

Mwana wanga,

Ndamva kuti tchuthi cha uchembere chatha ndipo Lolemba uvalanso yunifomu. Zija unandiuza pa foni sizinandichoke m'mutu, kuti usiku wachiwiri utachitidwa opaleshoni unaitana namwino katatu, bala likukoka, mwana akulira, ndipo iye atabwera anangoti, "Inu si anamwino? Mukudziwa kale zochita." Tsiku lija ndinakhala chete chifukwa cha manyazi. Mawu a mtundu umenewo anatulukapo m'kamwa mwanga muno.

Unali ndi zaka zinayi pamene ndinadwala TB mu 1995. Masiku amenewo wodwala ankagonekedwa miyezi iwiri yathunthu, jakisoni wa streptomycin tsiku ndi tsiku, kenako mapiritsi miyezi isanu ndi umodzi ali kunyumba. Jakisoni ameneyu ndinali nditabaya anthu osawerengeka. "Tembenukani!" Ndabaya, ndapita pa bedi lina. Pofika sabata yachitatu matako anga anali zotupa zokhazokha, kukhala pansi kosatheka, m'makutu muli nyenje. Ndinayamba kudziwa anzanga ndi manja awo. Panali kamtsikana kena kophunzira kamene kankayamba kapapasa ndi chala kufuna pofewa, n'kufunsa kuti, "Dzulo tinabaya mbali iti, mayi?" Ine zaka khumi pa ntchito funso limenelo ndinali ndisanafunsepo munthu.

Zoti rifampicin, mankhwala ena a TB, amafiiritsa mkodzo ndinazilemba pa mayeso. Koma m'mawa woyamba nditasuzumira m'chimbudzi mtima unagunda ngati ndaona njoka. Nanga gogo wa kumudzi amene palibe wamuuza? Ena ankasiyira pomwepo mankhwala poganiza kuti akukodza magazi, ife n'kumawatcha osamva.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi raundi ya m'mawa. Madokotala ankaima kumiyendo kwa bedi, Chingerezi chili pakamwa, maso pa failo. Kumbukira kuti ma ARV aulere anadzayamba mu 2004. Asanayambe, munthu akamatsokomola n'kuwonda, anthu ankamuwerengera masiku. Ine ndinkamva zokambidwazo. Mayi wa pa bedi loyandikana nane ankangowerenga nkhope zawo, ndipo akangochoka ankandikoka chitenje: "Anamwino, akuti ndifa?" Chonsecho iwo amakambirana zomutulutsa Lachisanu.

Usaganize kuti kudwala kumakonza munthu mpaka kalekale. Nditabwerera ku ntchito ndinafatsa pafupifupi chaka. Kenako usiku wina ndili ndekha m'wodi, odwala ena ali pansi, magetsi azima, dripi yatha, ndinangozindikira ndikukalipira gadiyani amene amangopempha kuti ndikaone mwamuna wake. Mwina amene anakuyankha mwano uja nayenso anali yekha. Sindikuti anachita bwino, ayi. Ndikuti thupi limaiwala ululu msanga kuposa mmene ukuganizira panopa. Ine kuchokera usiku umenewo ndinadziikira tizinthu toti ndizichita ngakhale chifundo chitandithera: kutchula munthu dzina lake osati nambala ya bedi, kumuuza chimene ndikufuna kuchita ndisanamukhudze, ndi kubwerera raundi ikatha kukamasulira m'Chichewa zimene zanenedwa. Ukati "ndikubwera", bweradi, chifukwa wogona pa bedi amamvetsera mapazi aliwonse odutsa pakhonde.

China n'chakuti usamawauze azimayi a m'wodi kuti, "Inenso ndinachitidwa opaleshoni, tsiku lachiwiri ndinali nditadzuka." Ndinaona anzanga ena atachira akusandutsa matenda awo chikwapu. Bala lako linali lako. Wina likumupweteka mwa njira ina, ndipo mwina alibe mwamuna wobweretsa phala ngati mmene zinalili kwa iwe.

Ndatumiza ufa woyera ndi mtedza kudzera kwa azakhali ako, afika Loweruka. Odwala olemera usanyamule wekha, bala lakunja limapola msanga koma m'kati mumachedwa. Mdzukulu wanga umufinyire mkaka wokwanira ukakhala wa naiti, ndipo unditumizire chithunzi china, chija chinatuluka chamdima.

Ndine mayi ako.