Mliri sudinditsa chiphaso pa Mwami

A Mkonzi,

Ndapempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndikumbutse akuluakulu a zaumoyo m'chigawo chino cha Kum'mawa kwa Zambia zimene zinatichitikira m'masabata oyamba a mliri wa Covid-19, pakuti ndikuona kuti taiwala msanga pomwe chisokonezo chija chikhoza kubweranso.

Pa 18 Marichi 2020 boma linalengeza kuti ku Lusaka kwapezeka anthu awiri oyamba odwala matendawa, ndipo pa 20 Marichi sukulu zonse zinatsekedwa. Patapita masiku ochepa, Pulezidenti Edgar Lungu analamula kuti pamaliro, paukwati ndi pamisonkhano ina anthu asamapitirire 50. Ku Malawi, Pulezidenti Peter Mutharika anali ataletsa kale misonkhano ya anthu oposa 100. Wokhala ku Lusaka kapena ku Lilongwe sakanaona vuto pa kusiyana kumeneku, koma ife a m'malire, amene munda uli ku Zambia pomwe apongozi ali ku Mchinji, tinasowa pogwira.

M'mwezi wa Epulo chaka chimenecho tinataya amalume athu. Anyakwawa, pofuna kumvera lamulo, anaima panjira yolowera pasiwa n'kuyamba kuwerenga anthu. Abale ochokera ku Malawi, amene anafika panjinga mbandakucha, anakana kubwerera, nanena kuti wailesi ya kwawo yalola anthu 100, ndipo sanali kunama. Tinakangana ngakhale za adzukulu okumba manda, ngati nawonso ayenera kuwerengedwa. Mapeto ake aliyense analowa, azimayi anakhala mothithikana m'nyumba ya siwa monga mwa nthawi zonse, ndipo tonse tinasamba m'manja m'beseni limodzi tisanadye nsima. Anyakwawa anauzidwa chiwerengero cha anthu chokha, osauzidwa chifukwa chake, choncho analondera pakhomo n'kusiya beseni lija, lomwe linali loopsa kuposa anthu khumi owonjezera.

Pamene boma la Malawi linalengeza m'bindikiro wa masiku 21 woyambira pa 18 Epulo, anthu ambiri kuno anaganiza kuti malire atsekedwa, ndipo khoti lalikulu la kumeneko litaimitsa m'bindikirowo kutatsala tsiku limodzi, mphekesera zinachulukirachulukira. Amalonda sanasiye kuyenda. Anangosiya geti la pamalire la pa Mwami, pomwe pankayezedwa kutentha kwa thupi, n'kumadzera njira za kutchire zimene timazitcha zalewa. Kuyeza kachilomboka nakonso poyamba kunkachitikira ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 500 pamsewu wa Great East, moti munthu woganiziridwa ankayembekezera zotsatira masiku angapo, pomwe amene anakhala naye pafupi anali atabwerera kale kwawo m'dziko lina, kumene azaumoyo athu alibe mphamvu yomulondola.

Sindikunyoza anamwino ndi madokotala, amene anagwira ntchito ali ndi mantha ngati ife tomwe. Dandaulo langa ndi lakuti malamulo ankachokera kumalikulu awiri, aliyense akuyang'ana dziko lake, pomwe anthu owalandira ndi mtundu umodzi, olankhula chinenero chimodzi, otsegula wailesi za mbali zonse ziwiri. Kolera anatikumbutsanso zimenezi. Mliri umene unayamba ku Malawi mu Marichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 kumeneko, ndipo mu Januwale 2023 matendawa anapezeka m'boma la Vubwi, lomwe lili pamalire penipeni.

Mu Disembala 2022, Pulezidenti Hakainde Hichilema ndi Pulezidenti Lazarus Chakwera anatsegulira chipata chatsopano cha Mwami-Mchinji, pomwe ogwira ntchito a mayiko awiriwa amaonera katundu ndi ziphaso pamalo amodzi. Ngati zinatheka chifukwa cha malole, zilephereka bwanji pa nkhani ya moyo wa anthu? Ndikupempha kuti akuluakulu a zaumoyo a ku Chipata, Vubwi, Chadiza ndi Lundazi azikhala pansi ndi anzawo a ku Mchinji, Kasungu ndi Mzimba panopo pomwe kulibe mliri, agwirizane kuti wodwala woyamba akadzapezeka ndani adzaimbire ndani foni, mayina a anthu amene anakhala naye pafupi adzawoloka bwanji malire, ndipo ndi uthenga uti umodzi umene udzamveke pa Breeze FM, pa Radio Maria ndi pa wailesi za ku Malawi tsiku lomwelo, m'chinenero chimene agogo kumudzi amamva.

Pamsonkhano umenewo mafumu asaitanidwe kudzangotsegulira ndi pemphero. Kalonga Gawa Undi ali ndi mafumu ku Zambia, ku Malawi ndi ku Mozambique, ndipo chaka ndi chaka amasonkhana ku Mkaika pamwambo wa Kulamba. Nkhosi Mpezeni nawonso amalandira alendo a ku Mchinji ku Mtenguleni nthawi ya Nc'wala. Uthenga wodzera mwa iwo umafika kwa nyakwawa aliyense mosayang'ana kuti mudzi wake uli mbali iti ya mzere. Nyakwawayo apatsidwe malangizo olembedwa a kayendetsedwe ka maliro, ndowa yokhala ndi mpopi, sopo, ndi nambala ya foni imene wina adzayankhedi akaimba usiku.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Chipata